Anapiye a zinziri m'chilimwe: babu lisamayake tsiku lonse

Amene akufuna kudzagulitsa zinziri pa Khirisimasi akugula anapiye panopa. Masamu ake ndi osavuta. Zinziri imakwana kudyedwa ikatha masabata 6, ndipo zazikazi zimayamba kuikira pakati pa sabata ya 6 ndi ya 7. Mwanapiye woswedwa pa 10 Novembala adzakhala atakwana pa 22 Disembala, nthawi imene malo odyera, ootcha kanyenya ndi mabanja okonzekera chikondwerero amafunafuna ndiwo ya nyama.

Vuto ndi loti anapiyewa akuswedwa m'nyengo yotentha kuposa ina iliyonse pachaka. Malangizo amene ogula ambiri amapatsidwa potenga anapiye ndi amodzi: muziwafunditsa, babu lisazime. Malangizowa ndi abwino mu Juni ndi Julaye. Mu Okutobala ndi Novembala, kuwatsatira osayang'ana nyengo kungathe kukuthetserani anapiye masana amodzi okha, inu muli kumsika mukuitanira makasitomala. Ena akamva zimenezi amachotseratu babu, n'kumati kunja kwatentha kale. Nawonso amadzuka m'mawa n'kupeza anapiye ataunjikana pakona, apansi atafa.

Phunziro la sabata ino ndi lakuti m'chilimwe kutentha kwa malo olerera anapiye, amene ambiri timangoti buluda, sikutcheredwa kamodzi n'kusiyidwa. Kumafuna kusinthidwa kangapo patsiku, chifukwa tsiku limodzi limakhala ndi nyengo ziwiri.

Chifukwa chiyani zinziri sizichedwa kufa?

Mwanapiye wa zinziri amaswedwa pakatha masiku 17 kapena 18, ndipo amalemera magalamu 6 mpaka 8 okha. Wa nkhuku amalemera pafupifupi magalamu 40. Anapiye 100 a zinziri mutawaika pasikelo pamodzi sangakwane kilogalamu. Kathupi kakang'ono chonchi kamatentha msanga, kamazizira msanga, ndiponso madzi a m'thupi sachedwa kukathera.

M'masabata awiri oyamba mwanapiye satha kusunga yekha kutentha kwa thupi lake. Amadalira malo amene ali. Kutchire make amamufungatira akazizidwa, ndipo akatenthedwa amangotuluka m'mapiko mwa make. M'katoni mwanu make ndi babu, koma babu silidziwa kuti dzuwa lafika paliwombo.

Chinanso, mbalame sizituluka thukuta. Zikatenthedwa zimayasamula kukamwa n'kumapuma mwawefuwefu kuti kutentha kutulukire mumpweya. Kupuma kotereku kumachotsa madzi m'thupi. Thupi la zinziri yaikulu limakhala pa madigiri 41 mpaka 42, choncho mpweya wa m'buluda ukayandikira madigiri 40, mwanapiye amasowa kotayira kutentha kwake. Akakhala choncho kwa maola ochepa amafooka, amasiya kudya ndi kumwa, kenako amafa. Amene apulumuka amakula mopinimbira, ndipo pa sabata ya 6 amaoneka ngati a masabata anayi.

Manambala oyenera kuwasunga pamtima

Kutentha kumene tikunena pano ndi kwa pansi pa babu, pamene mwanapiye waima, osati kwa chipinda chonse.

Sabata yoyamba: madigiri 35. Masiku awiri oyamba akhoza kufika 36 kapena 37, koma asapitirire apo.
Sabata yachiwiri: madigiri 32.
Sabata yachitatu: madigiri 29.
Sabata yachinayi: madigiri 26, kapena kuchotseratu babu ngati nthenga zamera thupi lonse.

Lamulo lake ndi kutsitsa madigiri atatu sabata iliyonse. Zoyezera zina zimaonetsa manambala a Fahrenheit, okhala ndi chilembo cha F. Mukaona 95 musadzidzimuke, ndi chimodzimodzi madigiri 35 a Celsius. Nambala 90 ndi madigiri 32, pomwe 85 ndi madigiri 29 ndi theka.

Tsopano yerekezani manambalawa ndi nyengo ya kwathu kuno. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, masana a mu Okutobala amafika madigiri 30 ndi kupitirira, koma mbandakucha kumatsika kufika pansi pa 20. M'mbali mwa nyanja, monga ku Mangochi, Salima ndi Karonga, kumatentha kuposa apo. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, madigiri 40 si achilendo. Manambala amenewa amayezedwa panja pamthunzi. M'chipinda cha malata chopanda siling'i, chotseka mawindo, kumatentha kwambiri kuposa panja.

Tanthauzo lake ndi ili: 1 koloko masana chipinda chokha chikhoza kukhala chitakwanitsa kale madigiri 35 amene mwanapiye akufuna, ndipo babu likamayakabe likungowonjezera moto pamoto. Koma 4 koloko mbandakucha chipinda chomwecho chikhoza kukhala pa madigiri 22, kupereweza madigiri 13. Malata amene amakuotchani masana ndi omwewo amene sachedwa kuzizira usiku. N'chifukwa chake babu limafunikabe usiku m'masabata awiri oyamba, ngakhale inuyo mukugona osafunda.

Choyezera kutentha ndi malo ochiika

Dzanja lanu si choyezera. Madigiri 35 ndi madigiri 40 onse amamveka ofunda pakhungu la munthu, koma kwa mwanapiye kusiyana kwake ndi moyo ndi imfa. Gulani themomita yoyezera mpweya m'sitolo zogulitsa zipangizo ndi mankhwala a ziweto. Ya kuchipatala, yoika kukhwapa ija, si yoyenera. Idapangidwira thupi la munthu, imayeza manambala ochepa, ndipo ikakwera imaima pomwepo osatsika yokha.

Ngati thumba likulola, gulani ziwiri, ina ya mbali yofunda, ina ya mbali yozizirirapo. Zilipo zina za batire zimene zimasunga nambala yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri patsiku. Zimenezo n'zothandiza kwa wamalonda, chifukwa mukaweruka madzulo zimakuuzani mmene zinthu zinalili masana inu kulibe.

Themomita ikhale pamsinkhu wa msana wa mwanapiye, masentimita atatu kapena asanu kuchokera pansi, chakumphepete kwa pamene kuwala kwa babu kukugwera. Mukaipachika pakhoma mukuyeza khoma. Mukaigoneka pansi penipeni pa babu, galasi lake limatentha lokha n'kukupatsani nambala yabodza.

Yesani buluda tsiku lathunthu anapiye asanabwere. Yatsani babu, lembani nambala 5 koloko m'mawa, 9 koloko, 1 koloko masana, 4 koloko ndi 9 koloko usiku. Tsiku limodzi limeneli likuonetsani ola limene chipinda chanu chimayamba kuwotcha ndi ola limene chimayamba kuzizira. Ndi bwino kuphunzira zimenezi katoni ili yopanda kanthu kusiyana ndi kuziphunzira powerenga mitembo.

Anapiye eniake amakuuzani

Themomita imatha kuwonongeka, koma anapiye sanama. Imani chete kwa mphindi ziwiri muwayang'ane musanawagwire kapena kuthira chakudya.

Akamwazikana m'buluda monse, ena akudya, ena akumwa, ena atagona cha pafupi ndi babu, akulira motsitsa, zinthu zili bwino ndipo musasinthe kanthu.

Akaunjikana pansi pa babu, kukwerana, n'kumalira mokweza osalekeza, azizidwa. Tsitsani babu pang'ono kapena tsekani windo. Kuunjikanaku kumapha apansi chifukwa amabanika.

Akathawa babu n'kukatsamira m'mphepete, kukamwa kuli yasa, mapiko atatambasuka, ena atagona chafufumimba pafupi ndi madzi, atenthedwa. Zimitsani babu nthawi yomweyo. Anapiye otenthedwa kwambiri salira, amangokhala zii. Musaganize kuti akhuta ndipo akupuma.

Akasonkhana mbali imodzi yokha, osati pansi pa babu, pali mphepo imene ikuwawomba, kapena dzuwa likulowa pawindo n'kugwera mbali inayo.

Chizindikiro china ndi chitosi chouma chomata kumbuyo. Chimabwera kawirikawiri anapiye akatenthedwa kapena kuzizidwa. Chinyowetseni ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, muchichotse mosamala, mumuumitse mwanapiyeyo musanamubwezere, kenaka mufufuze chimene chalakwika pa kutentha.

Buluda ikhale ndi kothawira

Chinsinsi chachikulu cha m'chilimwe ndi kamangidwe. Babu lisakhale pakati. Liikeni kumapeto amodzi kuti mbali inayo ikhale yozizirirapo. Mukatero mwanapiye amadzisankhira yekha, monga amachitira kwa make. Buluda yaing'ono yokhala ndi babu pakati imatentha ponseponse mofanana, ndipo kukawotcha anapiye alibe kopita.

Anapiye 100 apatseni malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi m'masabata awiri oyamba, ndipo pofika sabata yachitatu muwonjezere kawiri. Zinziri zimakula mofulumira, ndipo thupi la mwanapiye aliyense limatulutsa kutentha kwake. Malo amene anali okwanira Lolemba akhoza kukhala othinana Lolemba linalo.

Makona muwapinde ndi katoni kuti akhale ozungulira, chifukwa m'makona ndi mmene anapiye amapanikizana. Makoma a buluda akhale otchinga mphepo m'munsi, koma pamwamba paikidwe waya wa mabowo ang'onoang'ono. Wayayo amatchinga makoswe ndi amphaka, komanso amalola mpweya wotentha kukwera n'kutuluka. Musavundikire buluda ndi bulangete, pulasitiki kapena lata. Beseni lakuya lapulasitiki ndi mgolo wachitsulo zimasunga kutentha ngati uvuni, choncho zipeweni nyengo ino.

Pansi thirani zopalapala zouma za matabwa kapena mankhusu a mpunga, ndipo masiku anayi oyamba muyalepo chiguduli kapena nsalu yokhakhala. Pamalo poterera miyendo ya anapiye imatangadza ndipo amalephera kuyenda. Mwanapiye wosayenda sangathawe babu kukatentha, sangafikenso pamadzi.

Babu, mbaula ndi mabotolo

Mababu akuluakulu ofiira a mawati 250 adapangidwira makola aakulu ndi nyengo yozizira. M'katoni ya anapiye 100 mu Okutobala, babu lotere ndi lowotcha. La mawati 60 kapena 100 limakwanira, ndipo kuli bwino kukhala ndi awiri ang'onoang'ono kusiyana ndi limodzi lalikulu. Usiku mumayatsa onse awiri, kukayamba kufunda mumazimitsa limodzi, masana mumazimitsa onse. Limodzi likapsa usiku, linalo limapulumutsa anapiye.

Babu lipachikidwe ndi waya kapena tcheni cholimba choti muzitha kukweza ndi kutsitsa. Musalipachike ndi chingwe chake cha magetsi, ndipo lisayandikire katoni kapena mankhusu, kuopa moto.

Dziwaninso kuti mababu a LED, amene adzadza m'sitolo masiku ano, amawala koma safunditsa. Musawadalire usiku. Ntchito yawo ndi ina: anapiye amafuna kuwala kuti aone chakudya ndi madzi, makamaka sabata yoyamba. Mukazimitsa babu lofunditsa m'chipinda chamdima, kababu ka LED kamawaunikira popanda kuwonjezera kutentha. Kuwala ndi kutentha ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo m'chilimwe muzizilekanitsa.

Magetsi a ESCOM akathima usiku mukhale ndi podalira. Njira yotetezeka ndi mabotolo a madzi otentha, otsekedwa bwino, okulungidwa m'nsalu kuti asawotche anapiye. Aikeni mbali yofunda ija, ndipo muwasinthe akazizira. Amene amagwiritsa ntchito mbaula kapena mphika wadothi wa makala ayatsire panja, n'kulowetsa makala atayaka bwino, utsi utatha. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha, wosaoneka, umene umapha anapiye ndi anthu omwe m'chipinda chotseka. Windo likhale lotsegula pang'ono, mbaula itchingidwe ndi waya kuti anapiye asaikhudze, ndipo munthu asagone m'chipindamo. Vuto lina la mbaula ndi loti ilibe switchi. Ichotseni dzuwa likangotuluka, musadikire kuti makala athe okha.

Kuziziritsa chipinda masana

Pali masiku ena pamene babu lazima koma themomita ikuonetsabe 37 kapena 38. Apa ntchito imasanduka yotsitsa kutentha kwa chipinda chonse.

Yambani ndi kusankha malo. Chipinda chimene dzuwa la masana ndi la madzulo limawomba pakhoma lake ndicho chimatentha kwambiri. Sankhani cha pamthunzi, ndipo buluda ikhale pansi, kutali ndi malata ndi windo, popeza mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Isakhale m'khitchini kapena pafupi ndi firiji, imene imatulutsa kutentha kumbuyo kwake.

Yalani udzu kapena mphasa zakale pamwamba pa malata, kapena pakani laimu woyera kuti denga lisamamwe dzuwa. Tsegulani mawindo a mbali ziwiri kuti mpweya uzidutsa pamwamba pa buluda. Pachikani chiguduli chonyowa pawindo limene mphepo ikulowera. Madzi akamauma pachiguduli amaziziritsa mpweya. Njira imeneyi imagwira bwino mu Okutobala kukakhala kouma. Mvula yoyamba ikagwa ndipo mpweya ukakhala wachinyezi, mphamvu yake imachepa, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kutsegula kuti mpweya uziyenda.

Ngati muli ndi fani, iloze kukhoma kapena kumwamba, osati kwa anapiye. Botolo la madzi ozizira lokulungidwa m'nsalu mukhoza kuliika mbali yozizirirapo kuti ofuna atsamirepo. Koma musawaze anapiye madzi, musawasambitse. Ubweya wawo ukanyowa amazizidwa msanga ngakhale kunja kuli ng'amba, ndipo mankhusu onyowa amabweretsa fungo loswa mphuno ndi matenda otsekula m'mimba.

Madzi ndi chakudya

Kukatentha anapiye amamwa kwambiri, koma madzi akafunda amawakana. Chomwera chikakhala pansi pa babu, madzi amasanduka tiyi. Chiikeni mbali yozizirirapo, koma pafupi poti mwanapiye afikepo mosavuta, ndipo musinthe madzi katatu patsiku: m'mawa, masana ndi madzulo. Madzi a mumtsuko ndi abwino. A m'chigubu chimene chakhala padzuwa ayi, a ayezi ayinso.

Anapiye a zinziri amamira m'madzi ochepa zedi, ndipo kukatentha amakonda kulowamo. Gwiritsani ntchito chomwera chosazama, muthiremo timiyala totsuka bwino kuti azimwa m'mipata. Ikani zomwera ziwiri kapena zitatu kuti ofooka asamakankhidwe. Tsiku lofika, viikani mlomo wa anapiye angapo m'madzi kuti ena aonere, ndipo ayambe amwa musanawapatse chakudya. Mavitamini osungunula m'madzi amene amagulitsidwa m'sitolo za mankhwala a ziweto amathandiza masiku oyamba ndi masiku otentha kwambiri. Tsatirani muyezo wolembedwa papaketi, musawonjezere.

Zinziri zazing'ono zimafuna chakudya cha mapuloteni ochuluka, magawo 24 mpaka 28 pa 100 aliwonse. Madeya okha sangazikulitse. Ngati mukugwiritsa ntchito chakudya choyambira cha nkhuku za nyama, chipereni kuti chikhale chosalala, chifukwa milomo yawo ndi yaing'ono. Kukatentha anapiye amadya pang'ono masana n'kubwezera usiku ndi m'mawa. Musawachotsere chakudya. Onetsetsani kuti chodyera chili chodzadza madzulo ndiponso kuwala kulipo, kuti adye kukazizira.

Ndondomeko ya wamalonda

Apa ndiye pagona nkhani kwa owerenga tsamba lino. Maola oopsa kwa anapiye, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndi omwewo amene inu muli pabenchi kapena mu okala. Amene amalawirira kukapikula katundu amachoka kunyumba kukali kozizira, babu likuyaka moyenera, ndipo akamabwera dzuwa litalowa amapezanso kukuzizira. Zimene zachitika pakatipo sanazione. Amangoona anapiye akufa, n'kumadandaula kuti adawagulitsa odwala.

Musanagule anapiye, dziwani amene adzakhale pakhomo masiku 14 oyamba. Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, choncho ngati mukusiyira wina, musamusiyire mawu okha. Lembani papepala, mumate pakhoma pafupi ndi buluda:

5 koloko m'mawa: onani themomita, sinthani madzi, thirani chakudya. Babu liziyaka.
8 mpaka 9 koloko: nambala ikapitirira ya sabata imeneyo, kwezani babu kapena zimitsani limodzi.
10 koloko: ikapitirirabe, zimitsani onse, tsegulani mawindo.
1 koloko masana: sinthani madzi, nyowetsani chiguduli cha pawindo, yang'anani ngati akupuma mwawefuwefu.
4 mpaka 5 koloko: nambala ikatsika ndi madigiri awiri pansi pa yofunika, yatsani babu.
9 koloko usiku: chepetsani mawindo, onani madzi ndi chakudya, konzekerani mabotolo ngati magetsi angathime.

Maola awa ndi poyambira chabe. Ku Nsanje babu likhoza kuzima 7 koloko m'mawa n'kudzayakanso pakati pa usiku, pomwe ku Dedza kapena ku Mzuzu likhoza kufunika pafupifupi tsiku lonse sabata yoyamba. Tsiku la mitambo kapena la mvula, kutentha kumagwa mwadzidzidzi ndipo babu liyenera kuyaka masana omwe. Themomita ndiyo ilamule, osati wotchi.

Imbani foni kunyumba 12 koloko, ndipo musafunse kuti anapiye ali bwanji, chifukwa yankho lake limakhala loti ali bwino. Funsani kuti themomita ikuonetsa nambala yanji. Muzimveranso zanyengo pawailesi. Nthambi ya boma yoona zanyengo ikachenjeza kuti kukhala kotentha modetsa nkhawa, masiku amenewo pakhomo pasasowe munthu wamkulu. Ngati palibiretu wotsala pakhomo, funsani m'sitolo za magetsi kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kamazimitsa ndi kuyatsa babu kokha molingana ndi nambala imene mwatchera. Komabe kachipangizoka sikangatsegule windo kapena kusintha madzi.

Mukawapeza atatenthedwa kale

Zimitsani babu, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo muwagawe m'makatoni awiri kapena atatu kuti asathinane. Apititseni pamalo amthunzi podutsa mpweya. Ofooka muwaviike nsonga ya mlomo m'madzi ozizirirapo, mmodzimmodzi, osawathira madzi kukamwa chifukwa angatsamwe. Musawaike mufiriji kapena kutsogolo kwa fani. Akatsitsimuka ndipo kunja kukayamba kuzizira, abwezereni m'buluda pa nambala yoyenera, popeza mwanapiye wofooka sachedwanso kuzizidwa usiku. Imfa zikapitirira kwa masiku awiri kutentha kuli bwino, itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, chifukwa pakhoza kukhala matenda.

Ulendo wochokera kogula

Anapiye ena amafika pakhomo atapsa kale panjira. Katengeni m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Katoni ikhale ndi mabowo m'mbali zonse ndi pamwamba, ndipo musaikulunge m'chitenje kapena m'jumbo. Mu minibasi inyamuleni pamiyendo, mbali imene kulibe dzuwa, kutali ndi injini. Musalole kondakitala kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba. Minibasi yodikira anthu padepoti masana imatentha kuposa buluda iliyonse, choncho dikirani panja pamthunzi mpaka itatsala pang'ono kunyamuka. Funsaninso wogulitsa tsiku limene anapiye adaswedwa, chifukwa ndi pamene mumayambira kuwerenga masabata a manambala aja.

Amene mumagulitsa anapiye, uzani ogula anu zimenezi. Kasitomala amene anapiye ake afa sabata yoyamba sabweranso, ndipo amauza anzake kuti mbewu yanu ndi yoipa.

Tiwerengere ndalama

Mitengo imasiyana malo ndi malo, choncho manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti mwagula anapiye 200 pa K1,000 mmodzi, zonse K200,000. Akafa 10 okha, otsala 190 aja aliyense wakudyerani K1,053. Akafa 60 chifukwa cha masana amodzi otentha, otsala 140 aja aliyense wakudyerani K1,429, musanawerengere chakudya ndi magetsi. Ngati mumati mudzagulitse pa K3,500 imodzi, zinziri 50 zosiyanazo ndi K175,000 imene simudzaiona. Mnzanu wa benchi loyandikana amene sadataye anapiye akhoza kutsitsa mtengo n'kupindulabe, inu ayi. Ngati mpambawo udachokera kubanki mkhonde, ngongole imakhalabe yonse ngakhale anapiye atafa.

Kuzimitsa babu masana kumapulumutsanso magetsi. Babu la mawati 100 likayaka maola 24 limadya mayunitsi 2.4. Likazima maola 7 patsiku limadya 1.7, ndipo pa masiku 14 mwasunga mayunitsi pafupifupi 10 pa babu limodzi.

Nthawi yovutayi ndi yaifupi. Pofika sabata yachitatu, kumadera otentha babu limangofunika mbandakucha, ndipo nthenga zikamera thupi lonse nkhawa yanu imatsala pa mthunzi, mpweya ndi madzi. Ngati anapiye anu akubwera sabata ino, gulani themomita lero, yesani buluda mawa, ndipo gwirizanani ndi wotsala pakhomo musanapereke ndalama kwa wogulitsa.